Kaphokoso ka M'njinga

Njinga ija inayamba kudandaula akazanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kanali kaphokoso chabe, khethe, khethe, kamodzi mapedulo akazungulira, ndipo kankamveka pokhapokha ndikamakwera mtunda nditanyamula katundu. Pachidikha, zii. Potsetsereka, zii. Ndikafika pakhomo n'kuigadamiza, chishalo pansi matayala m'mwamba, n'kupukusa ndi dzanja, inkayenda mwaulemu ngati mkamwini wofika kumene. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kuposa phokosolo.

Tinali ku Nthalire nthawi imeneyo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndinali m'gulu la aphunzitsi aja anatilemba mothamanga sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, matipate atangoyamba. Anandiponya pasukulu ina kuseri kwa mapiri, kumene galimoto tinkaiona ikabwera ndi mayeso basi. Kuchipatala unali ulendo wautali, wapansi ankanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Kumeneko njinga sinali yodzionetsera. Kuchigayo, kumsika, kukaona matenda, zonse zinkadalira kaliyala.

Anamwino anali atatiuza kuti popeza mimba inali yoyamba, mayi apite akadikirire kuchipatala konko masiku asanakwane. Tinagwirizana tsiku, Lolemba lina, loti ndidzawakweze. Kuyambira pamenepo kaphokoso kaja kanandilowa m'mutu. Ndinkadziona tili pakati pa mtunda, tcheni chaduka, njinga ikubwerera m'mbuyo, akazanga agwera m'miyala ndi mimba yawo. Ndinkachita mantha, ndipo ine mantha akandigwira amasanduka makani.

Ndinayamba ndi tcheni. Ndinachitsuka ndi palafini, kuchipaka oyilo, kuchikoka bwinobwino. Khethe, khethe. Ndinamanga chishalo, ndinawongola madigadi, ndinagwedeza masipokosi onse limodzilimodzi. Ndinafika pochotsa belu, ngati kuti belu lingalirire kumapazi. Tsiku lina ndinavula nsapato n'kupalasa ndi mapazi okha, kuti mwina wolakwa ndi chidendene cha nsapato, ndipo amayi ochokera kumunda anaima m'mbali mwa njira kuonerera mphunzitsi wa ana awo.

Pafupi ndi sukulu pankakhala bambo wina amene anagwirapo ntchito yokonza njinga ku Lufita. Anthu ankangomutchula kuti fundi. Anandimva ndikudutsa pamtunda wa pakhomo pake, n'kundiitana m'Chitumbuka, mmene amaitanira mphunzitsi kumeneko: "Asambizgi, njinga yinu ikusuzgika. Bwerani nayo tiyione." Ndinayankha kuti yewo, ndibwera, koma mumtima ndinati munthu wophunzitsa sayansi Sitandade 7 sangagonjere kachitsulo. Akazanga nawonso anati ndipite nayo kwa fundiyo. Ndinawafunsa mwamwano ngati anakonzapo njinga chibadwire. Anangoseka n'kunena kuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke, ndinatsimikiza kuti vuto lili m'kati, pamene pamazungulira mapedulo. Ndinayala thumba pabwalo. Ndinagogoda, ndinamasula, ndinasolola. Timipira tachitsulo ta m'katimo tina tinagwera m'mbale ya palafini, tina tinagubudukira mumchenga. Ndinatiyang'ana padzuwa kamodzikamodzi, tonse tosalala, popanda kosweka. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati popeza ndayamba kale, ndione ndi kumbuyo komwe, ndipo ndinachotsa tayala n'kulimasulanso pakati. Mmene dzuwa limafika paliwombo, njinga inali pathumba paja zidutswazidutswa, ine nditagwada ndikusefa mchenga ndi zala.

Pamenepo ndiye akazanga anandiitana m'nyumba. Ndinawapeza atagwada, atagwira mwendo wa bedi, chitenje chawo chanyowa ndi magazi.

"Mangani njinga ija, bambo," anatero motsitsa. "Tizipita."

Chimene ndinachita ndimachita nacho manyazi mpaka lero. M'malo mothamanga kukaitana anthu, ndinabwerera pathumba paja. Ndinkati ndiimanga mofulumira, ndikuidziwa. Timipira sitinkakhazikika, ndikaika kuno kwina tagwa. Sindikudziwa kuti ndinataya nthawi yochuluka bwanji pamenepo. Amene anandidzutsa ndi mkazi wa ahedi, atamva kubuula, ndipo anandilalatira m'Chitumbuka mawu amene sindinafune womasulira.

Njinga ya ahedi inali itapita kumsonkhano ndi eni ake. Ya fundi inali kuchigayo kutsidya la mtsinje. Amuna anadula mitengo iwiri, n'kumangapo bulangeti lathu, tinanyamuka ndi machira. Amayi anayi anatsagana nafe. Ndinagwira kutsogolo ndipo ndinakana kulandiridwa mpaka phewa linasupuka, ngati kuti kuvutika kwanga kungafupikitse njira. Poyamba akazanga ankabuula. Titawoloka mtsinje anasiya, ndipo ndinkapemphera kuti ayambirenso.

Tinafika kutada kale. Anamwino anachita zonse zimene akanatha. Mayi anapulumuka, mwana ayi. Namwino wamkulu anandifunsa nthawi imene magazi anayamba, ndinamuuza. Anafunsa ngati kumudziko kulibe njinga. Ndinati ilipo. Anayang'ana manja anga akuda ndi girisi.

M'mawa mwake fundi anafika akupalasa njinga yanga, yomangamanga, pakaliyala pali ufa ndi nkhuni zimene anthu anasonkha. Anali atatola zonse pabwalo paja. Sanafune kunena za njingayo, ine ndi amene ndinamukakamiza. Ndinkafuna andiuze kuti m'kati munali chinthu choopsa, choti tikanagwa nacho pamtunda. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kotapini, kachitsulo kotalika ngati chala kamene kamagwira mkono wa pedulo. Kanali katadyeka pang'ono mbali imodzi.

"Ni aka pera, kokhaka, asambizgi. Kanamasuka. Kugogoda kawiri na hamala, kumanga nati, basi."

Ndinafunsa ngati njingayo ikanatifikitsa ikadali choncho. Anabweza kotapini kaja m'thumba. Kenako anati ikanafika, ngakhale ku Boma ikanafika. Kachitsulo kameneko ndi kamene ndinayamba kuchotsa n'kukaponya pathumba Loweruka lija, osakayang'ana n'komwe, pothamangira vuto lalikulu la m'kati.

Mwana wopita padera choncho saliridwa maliro. Amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, bambo sapitako. Kwathu n'chimodzimodzi, ndiye sindikanatsutsa. Amayi anayi aja anamukulunga m'chitenje chatsopano chimene tinagula kuti tidzamuberekere, n'kulowa naye kutchire kuseri kwa chipatala, ine nditakhala pakhonde ngati mlendo. Atabwerako anasamba m'manja, wamkulu wawo n'kundiuza kuti ndilimbe mtima, tidakali ana, Mulungu apereka wina. Sanapereke.

Patapita sabata akazanga anawatulutsa m'chipatala. Ndinawakweza pakaliyala, ine n'kumakankha wapansi chifukwa ankamva kuwawa m'mabampu. Ndinkadikira kuti andinene, ndipo ndinkafuna andinene, kuti mwina mtima ungapepuke. Atatsegula pakamwa anati, "Anali wamkazi. Tsitsi lambiri ngati lanu."

Sanandinenepo tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse m'zaka zonse zimene takhala limodzi. Ndinaphunzitsa ku Nthalire mpaka anatisamutsa. Kangapo ndinakafika pakhomo la mmodzi wa amayi aja ndili ndi funso pakamwa, n'kungopereka moni, kufunsa za mvula, n'kubwerera. Mwamuna safunsa zimenezo. Ndinachoka kumeneko ndikudziwa dzina la kachitsulo kalikonse ka m'njinga, koma osadziwa mtengo umene mwana wanga wagona pansi pake.