Mchenga wa a Faustino

Anthu kuno ku Mpadue amati a Faustino Khombe anali ndi mankhwala a nkhondo. Limenelo ndi bodza. Ine ndinkakonza kamiyawo yawo, galimoto yaikulu ya katundu, ndipo ndikudziwa chimene chinali mkatimo.

Anabwera ku Tete kuchokera ku Angónia asanakwatire. Nkhondo yapachiweniweni itakula, anapatsidwa ntchito yonyamula ufa, nsapato ndi mabokosi a zipolopolo kupita kwa asilikali a ku Zóbuè. Galimoto zinkayenda mondondozana, pa koluna, mumsewu umene munkakwiriridwa mabomba.

Asananyamuke ankatsikira ku Zambezi kukadzaza matumba anayi a mchenga, n'kuwayala pansi pa mpando ndi poponda mapazi. Woyendetsa mnzawo, Anselmo, ankawaseka.

"Achimwene, kodi mukukamanga nyumba ku Zóbuè?"

"Iwe samala katundu wa boma," ankayankha choncho. "Ine ndikusamala miyendo yanga."

Tsiku lina mu 1987 gudumu lakutsogolo la kamiyawo ya a Faustino linaponda bomba. Pansi pa galimoto panang'ambika, mchenga n'kuwadzaza mkamwa ndi m'maso. Anatuluka akulavula, khutu lakumanzere litagontha, koma akuyenda okha. Ulendo wotsatira ndinamupeza Anselmo kumtsinje akudzaza matumba ake, osaseka.

Nkhondo itatha, a Faustino ankanyamula mbatatesi za kwawo kubwera nazo kumsika mpaka ukalamba. Masiku ano amakhala pakhonde, miyendo yonse iwiri atatambasula. Ukafuna kuwalankhula, uime kumanja kwawo. Wina akawafunsa za mankhwala aja, amaloza kumtsinje.

"Akadalipo ambiri. Katapeni."