Chifuwa cha Amayi pa Merikado

Dongo lonyowa lili ndi fungo lake, ngati la pansi pa mtsuko, ndipo chaka chimene amayi anamwalira fungo limenelo linali litadzaza pasukulu yathu ku Majaua. Inali nyengo yachisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe, nandolo akuchita maluwa. Kuseri kwa makalasi azimayi a m'mudzi ankaumba mbaula zadongo, zija zongofuna tinkhuni titatu, n'kuzindandalika pamthunzi atazifunditsa masamba a nthochi. Ine ndinali ndi zaka khumi. Masiku amenewo sindinkalira, sindinkasekanso. Ndinkatunga madzi, kusesa pabwalo, kudya chimene azakhali andipatsa, basi. Anthu ankati ndine mwana wolimba mtima.

Amayi anatsokomola zaka zambiri asanatisiye. Khitchini yathu inali yaing'ono, yopanda zenera, denga lake lili bii ndi mwaye. Mitengo inali itatha m'mapiri apafupi, choncho ankaphikira zitsononkho, mapesi ndi nthambi zaziwisi, utsi uli tolotolo mpaka kukhomo. Anamwalira mvula ikutha.

Kusukulu kunali kutabwera aphunzitsi atsopano, aprofesora Jasinta ochokera ku Mocuba, ndipo za maliro athu sankadziwa. Iwo ankati anthu atopa ndi misonkhano, nkhani ya mbaula ndi mitengo idzamveka bwino m'sewero. Anatigawira malo m'seweromo. Ena anakhala mitengo atanyamula nthambi za mango, anyamata atatu anavala masaka n'kukhala utsi. Panatsala malo a mayi wodwala chifukwa cha utsiwo. Atsikana anayesa mmodzimmodzi, koma ankangouwa ngati tiagalu, kalasi yonse n'kufa ndi phwete.

Itafika nthawi yanga, sindinaganize kanthu. Ndinagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja lamanzere, n'kuwerama. Ndinatsokomola katatu motsatizana, kenaka kamodzi kotalika, kotha ndi kamluzu m'chifuwa. Ndinapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Lusiya, waphunzira kuti zimenezi?" anafunsa aprofesora.

"Ndimangodziwa," ndinatero.

Tinakonzekera milungu itatu pansi pa mtengo wa mbawa. Tsiku ndi tsiku ndinkatsokomola mpaka pakhosi kuwawa, koma mumtima munalibe chilichonse. Zinali ngati kusinja: umangokweza munsi n'kutsitsa. Tsiku la sewero ndinatsegula sutikesi ya amayi n'kutenga kapulana yawo, nsalu yobiriwira ija ankaivala, osapempha munthu. Inkanunkhabe utsi.

Tinasewera pa merikado, msika wathu, dzuwa lili pamutu, pakati pa milu ya chinangwa ndi njinga zomangidwa matumba a nyemba. Anthu anaunjikana, ena kukwera pamabenchi. Mitengo inagwa, utsi unandizungulira, ine n'kutsokomola. Mayi wina anafuula m'Chilomwe, anzake n'kuvomera. Kenaka, monga mwa sewero, azimayi anabwera akuimba atasenza mbaula yadongo, utsi unathawa, ndipo mayi wodwala uja anadzuka atachira n'kuyamba kuvina. Ndinavina bwinobwino monga anandiphunzitsira. Ndikutembenuka ndinaona abambo kutsogolo kwenikweni kwa khamulo, chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Nditatembenukanso panalibe munthu pamene anaima.

Kunyumba ndinawapeza ali ndi khasu ndi chitsulo, akuboola khoma la khitchini. Fumbi lofiira linali mbuu m'tsitsi mwawo. Sanandiyang'ane.

"Kabweze nsaluyo pamene unaitenga," anatero.

"Chabwino, ababa."

Ndinaipinda n'kuibweza. Iwo anapitiriza kuboola mpaka zenera linakula kuposa la m'nyumba yogona, mphepo yachisanu n'kumalowa mmene ikufunira. Za sewero sanatchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Tinakaseweranso ku midzi ina iwiri, ndipo mbaula zambiri zinalowa m'makomo chaka chimenecho. Ya kwathu anakaitenga ndi azakhali.

Ine ndinkangoti abambo anakwiyira kapulana, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadziona ngati mbala yaing'ono. Zoona zake anandiuza ndi azakhali, ine ndili kale ndi ana anga awiri, abambo atagona kumanda. Akuti tsiku lija abambo anali kumbuyo kwa khamu akumanga nyemba zopita nazo kumalire, ndipo za sewero sankadziwa. Anangomva kutsokomola. Anasiya njinga igwe, nyemba kumwazika, n'kuyamba kukankha anthu akuitana dzina la amayi. Anafika kutsogolo pamene mayi wovala kapulana yobiriwira ankadzuka, atachira.

Azakhali atamaliza kunena anandiyang'ana, akudikira. Ine ndinali ndi lichero la mpunga pamiyendo, ndipo ndinapitiriza kusankha timiyala.