Dzinja la Mapazi Otupa

Bata ya amayi, chovala chawo cha ntchito ya kuchipatala, inali yoyera, ya nsalu yokhuthala, ndipo batani lake lam'munsi linali lobiriwira, lochotsedwa pa malaya a munthu wina. Sankaivala panjira. Ankaipinda n'kuiika pansi m'dengu, pamwamba n'kuunjikapo masamba a nkhwani, kotero kuti ikamatuluka m'dengumo kuposito, kachipatala kathu ka boma, inkanunkhira kumunda. Masiku amenewo nkhondo inali pakati, ndipo chovala choyera chinali kudziitanira imfa, pakuti anthu a mfuti a kutchire ankasakasaka aliyense wogwira ntchito ya boma, makamaka a sikola ndi a chipatala.

Mlongo wanga wamng'ono amakonda kuuza ana ake kuti amayi anali enfermeira, ndiye kuti namwino. Si zoona, ndipo ndamuwongola kangapo. Iye nthawi imeneyo anali wakumsana, sangadziwe. Amayi ankaphunzira ntchito yothandizira anamwino: kusambitsa odwala, kutsuka mabala, kuwiritsa masingano, kuyeza ana pasikelo. Ine ndinafika mpaka sekundaria ku Tete, ndipo chimodzi chimene ndinatolako kumeneko ndicho kusiyanitsa zimene munthu anaona ndi zimene anangomva. Zimene ndikulemba pano ndinaziona, zambiri mwa izo ndili chiimire pathebulo.

Tinali titathawa kumudzi kwathu kufupi ndi Ntengo-Wambalame n'kudzadziphatika kwa amalume ku Tsangano, kumene kunali asilikali a boma. Bambo anali atatengedwa kale kupita ku usilikali, ndipo palibe uthenga wawo umene unkatifika. Nyumba ya amalume inali yabwino kwa banja limodzi, koma ife tinaisandutsa khola. Choncho pamene kunamveka kuti kuposito akufuna akazi odziwa kuwerenga pang'ono, amayi anapita osafunsa munthu.

Aphunzitsi awo anali enfermeiro wochokera ku Furancungo, munthu wamtali, wa mawu apansipansi. Sankalola kuti ophunzira atenge pepala lililonse kupita nalo kunyumba, chifukwa pepala la Chipwitikizi likapezeka m'dengu panjira linkatha kudulitsa munthu khutu. Mayina onse a matenda amayi ankawasenza m'mutu. Ankawabwereza akusinja, liwu lililonse likugwera pamodzi ndi munsi: malungo, paludismo, chikuku, sarampo, mphere, sarna, chifuwa chokoka mtima, tosse convulsa, kutsegula m'mimba, diarreia, kuchepa magazi, anemia. Liwu lakuti desidratação, lonena za kutha kwa madzi m'thupi, linkawakola pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo ine, kamwana ka sikola kodzimva, ndinkakhala pa mtondo wakugwa n'kumawathandiza kulitafuna. Ankabweretsanso mawu a aphunzitsiwo, akuwatsanzira mpaka kakwezedwe ka chala: “Kamarada, musathamangire dzina. Yambani mwaona, mugwire, kenako mutchule.”

Mvula yoyamba inabwera ndi chikuku. Chinalowa nyumba ndi nyumba, ndipo kumanda kunkapitidwa m'mawa ndi masana, timitembo tokulungidwa m'mikeka. Ine chinandigwira n'kundisiya, koma chinandisiyira zilonda m'kamwa ndi m'mimba mosamangika. Minda yathu inali kutali, kumene munthu sakanafika ndi moyo. Tinkadya phala la gaga ndi masamba, ndipo nyemba zochepa zimene zinalipo zinali za mbewu ndi za mbale ya amalume. Ana tonse, ife ndi a m'nyumbamo, tinkadyera mbale imodzi monga mwa mwambo. Pa mbale yotere wokhuta ndi wofulumira dzanja. Ine ndinkatafuna mbali imodzi ya kamwa, misozi ili m'maso, ndipo pomameza kachiwiri anzanga anali akunyambita kale zala.

Kenako mapazi anayamba kutupa. Ndiyenera kunena, ngakhale n'zoseketsa, kuti poyamba ndinakondwa. Ndinkaganiza kuti ndikunenepa. Masaya anadzaza, zikope zinalemera, ndipo ndinkapita kukadziyang'ana pa madzi a mumtsuko. Tsitsi linafiira n'kupyapyala ngati ndevu za chimanga. Khungu la m'miyendo linayamba kuda n'kumasupuka timagawo ngati khoma lopsa ndi moto.

Woyamba kutchula dzina anali akazi awo a amalume, amene tinkawaitana kuti azakhali, ndipo sanalitchule ndi pakamwa. Madzulo ena amayi ali pamoto, atatapa mchere m'kachitini kuti athire m'ndiwo, azakhali anawagwira dzanja, nakhuthulira mcherewo m'chikhatho cha kamwana kawo kakakazi. “Thira iwe,” anatero. “Alamu apume kaye.” Ndikukumbukira utsi wa nkhuni zonyowa, ndi dzanja la amayi litatsala m'malere, timchere titamatirira ku zala.

Achinyamata a lero mwina sangamve kulemera kwa chimene chinachitikacho. Kwathu mwana akatupa mapazi ndi nkhope ankati ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi wa makolo ake wayenda ndi munthu wina kunja kwa banja, kenako n'kumugwira mwanayo kapena kumuthirira mchere m'chakudya. Bambo kunalibe, ndiye mlandu unalibe kwina kogwera. Ndipo panali chimene anthu ankachinong'ona. Tisanathawe kumudzi, anthu a mfuti aja anafika natenga akazi angapo kuti akawasenzere katundu. Amayi anali m'gululo. Anabwerera patapita masiku, mapazi ong'ambika, nsalu ili ina, osanena kanthu. Mawa lake ndi pamene tinanyamuka.

Amalume ndiwo anali nkhoswe ya amayi, ndiponso mwini wake wa ife ana. Anawaitanira kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, ine ndili chigonere pamkeka chapafupi, popeza wodwala anthu amamuyesa wogontha. “Mlongo, tchulani munthuyo. Asing'anga akufuna dzina kuti asakanize mankhwala mwanayu achire. Mukapanda kutchula pofika Lamulungu, mubwerere kumudzi. Ana atsala kuno.” Kumudzi kunali mapulusa ndi anthu a mfuti. Ena pabanja pathu amawasimba amalume ngati munthu wouma mtima, ndipo apanso ndimawawongola. Anali munthu wamantha amene anali ataika kale m'manda mwana wake mmodzi dzinja lomwelo, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akundipulumutsa.

Amayi sanakane, sanavomere. Anangopempha chinthu chimodzi: kuti mawa amalume andibereke kupita kuposito, chifukwa iwo ali ndi mwana kumsana ndi dengu pamutu.

Kunali nkhungu m'mawa umenewo, ija ya ku Tsangano yonyowetsa nsidze. Pakhonde la posito panali patadzaza akazi ndi ana awo, akudikira sikelo. Ophunzira ankakhala m'chipinda chakumbuyo, chonunkha mankhwala otsukira pansi, muli thebulo lalitali la matabwa. Inali nthawi ya phunziro la matenda a ana, ndipo chizolowezi cha aphunzitsi chinali kutenga mwana mmodzi pakhonde kuti ophunzira amuone. Tsiku limenelo asanatuluke, amayi anaimirira nati, “Senhor enfermeiro, mwana ndabwera naye.”

Aphunzitsi anandiyang'ana, nayang'ana amayi. “Ndi wanu, kamarada?”

“Ndi wanga.”

“Mukhoza kukhala pansi, amuone wina.”

“Ndimuona ndekha.”

Amayi anandiimika pathebulo. Anandivula malaya, kenako kabudula, pamaso pa akazi onse aja. Ndinali mnyamata wa sikola, woti ndinkasamba kale ndekha kuseri, ndipo ndinayesa kubisa ndi manja, koma amayi anawachotsa manjawo modekha n'kuwaika m'mbali. Chitseko sanatseke. Amalume anali chiimire pakhomo, chipewa chili m'manja, ndipo kumbuyo kwawo mitu ya akazi a pakhonde inali itayamba kusuzumira.

Amayi anakanikiza chala chachikulu pamwamba pa phazi langa, nadikira, nachichotsa. Panatsala dzenje ngati la pa dothi loumbira mbiya, ndipo silinabwerere. “Edema,” anatero. Anatsitsa chikope changa cham'munsi, mkati muli mbuu. “Anemia.” Anagwira tsitsi nalikoka pang'ono, ndipo linatsalira m'zala zawo popanda ine kumva kuwawa. Anatchula za khungu, za zilonda zam'kamwa, za sarampo ndi diarreia zimene zinatsogola. Liwu lililonse linatuluka loyera, ngakhale lija linkawakola pamtondo.

“Diagnóstico?” anafunsa aphunzitsi.

“Kwashiorkor.”

“Causa?”

Amayi anayankha m'Chipwitikizi chawo chochepacho. Kenako anatembenukira kukhomo, nalankhula m'chinenero chathu mokweza kuposa mmene ndinawamverapo chibadwire changa. “Ndi njala. Mwanayu anadwala chikuku, m'kamwa muli zilonda, pambale ya anzake sapeza kanthu. Thupi lake lasowa nyemba, nsinjiro, mazira. Matenda ake ndi amenewa.”

Ndinaona makutu a amalume akugwa. Kunena pagulu kuti m'nyumba ya munthu mwana watupa ndi njala kunali kumuvulanso iye. Ndipo amayi anadzivula okha, pakuti mmodzi wa akazi a pakhonde anati chapansipansi koma momveka, “Ndiye amene azitiphunzitsa kudyetsa ana ndi ameneyu?” Ena anaseka.

Aphunzitsi anachita chimene mphunzitsi aliyense akanachita. Anauza ophunzira kuti afole, aliyense akanikize yekha adziwe mmene edema imamvekera ku chala. Anabwera mmodzimmodzi, zala zozizira, ena akupepesa ndi maso, ena akuseka. Pomaliza mapazi anga ndi misongolo zinali maenje okhaokha ngati njira yodutsa mbuzi pamatope. Pawindo panali kamtsikana ka m'kalasi mwathu, chibwano chili pa mphuthu ya windolo, kakuonerera zonse. Ndinakodza pathebulopo. Zimenezi sindinauzepo ana anga, ndipo amene amati ndinaima molimba mtima ngati msilikali amandinamizira zabwino.

Pobwerera amalume anandiberekanso. Titafika pa mtengo wa mapichesi wa pafupi ndi nyumba anati, osatembenuka, “Tidikire tione mankhwala a kuposito.” Lamulungu linafika n'kudutsa.

Anandipatsa mbale yangayanga, chinthu chimene asuweni anga anachiona ngati ufumu. Amayi ankandiphikira phala lothira mkaka wa ufa wa kuposito ndi kadontho ka mafuta, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kenako nyemba zopota. Amalume anatsegula okha thumba la nyemba za mbewu. Tsiku lina anabwera ndi dzira m'thumba la malaya, ngakhale kwathu ankati mwana wodya mazira amadzakhala wakuba. Kutupa kutayamba kuphwa ndinaoneka woipa kuposa kale, mafupa okhaokha, ndipo azakhali anayamba kulira kuti ndikupita. Amayi anati aphunzitsi anawauziratu kuti madzi amayamba achoka, mnofu umabwera pambuyo. Zinatero. Chimanga chikuyamba kumasula ndinali ndikuyenda ndekha kupita kusikola. Za mchere sizinakambidwenso. Madzulo ena azakhali anangoti, “Alamu, ndiwozi zazizira, taonani,” n'kuwakankhira kachitini kaja ndi phazi.

Koma kusikola dzina langa linali litasintha. Kamtsikana ka pawindo kanali katasimba zonse, mpaka za mkodzo. Ankanditcha Edema. Anyamata ankandigwetsa pansi n'kumandikanikiza zala m'miyendo, wina akufuula motsanzira aphunzitsi, “Diagnóstico?” Alipo amuna a imvi ku Tsangano amene mpaka lero amandipatsa moni ndi dzina limenelo, akuganiza kuti ndi la ubatizo. Ndinasiya kulankhula ndi amayi. Ndinkalandira mbale m'manja mwawo ndikuyang'ana kumbali. Akamabwereza mayina a matenda pamtondo ndinkachokapo, ndipo akalakwitsa katchulidwe ndinkawasiya alakwitse.

Masana ena ndinabwera malaya ong'ambika, mlomo ukutuluka magazi. Ndinawapeza okha kuseri kwa nyumba akusinja mtedza wa phala langa. Mkwiyo wa dzinja lonse unatuluka nthawi imodzi. Ndinawauza kuti anandichititsa manyazi pamaso pa dziko lonse chifukwa cha kuuma mutu kwawo. Ndinati ndinamva zonse kuseri kwa nkhokwe, kuti amalume ankangofuna dzina limodzi lokha, ndipo akanalitchula ine ndikanamwa mankhwala a asing'anga kunyumba, nditavala. “Bwanji simunangowauza dzinalo?”

Munsi unaima. Amayi anakokolola nsinjiro za m'mbali mwa mtondo ndi chala.

“Sanatchule mayina awo, mwananga,” anatero. “Bwera ndikupukute mlomowo.”

Ndinapita, ndikadali wokwiya. Pamene ankandipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, ine ndinkaganiza za anthu a mfuti opanda mwambo aja, oti munthu n'kuwasenzera katundu ulendo wonse uja osamuuza n'komwe kuti iwo ndi ayani. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikadzakula, aliyense wondinyamulira katundu ndizidzayamba ndamuuza dzina langa.