Thekenya la Abiti Jafali

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikupuntha nandolo pabwalo kwathu, kufupi ndi Mbulumbuzi. Munali m'zaka za m'ma 1970, ine nditalekera sukulu pa Fomu 2. Amalume, omwe anali m'komiti ya sukulu ya pulaimale yakwathu, anafika ali wefuwefu n'kunena kuti ahedi akufuna atsikana ophunzirako oti azigwirizira makalasi a ana aang'ono. Sindinafunse zambiri. Ndinasamba, kuvala diresi langa la kutchalitchi, ulendo.

Tinalembedwa awiri tsiku limodzi, ine ndi Mariamu, mwana wa a Jafali ogulitsa nsalu, amene aliyense ankamutcha Abiti Jafali. Ahedi, a Mulipa, anatikhazika mu ofesi n'kutiuza kuti chaka chikamatha sukulu idzapereka dzina limodzi la wokapita ku kozi ya uphunzitsi. Limodzi basi. Ndinamuyang'ana mnzangayo, iye akumwetulira ngati taitanidwa ku ukwati, ndipo mtima wanga unayamba pomwepo kumufufuza zifukwa.

"Ana pano si mbuli ayi," anatero a Mulipa. "Koma dzanja loti ligwire pensulo lili kalikiliki kukanda." Choncho pamwamba pa kuphunzitsa anatigawira ntchito ya zaumoyo. Mariamu, poti anali ndi mawu anthetemya, anamupatsa phunziro la ukhondo pa asembule. Ine, poti ndinali ndi maso akuthwa ndi manja osanjenjemera, anandipatsa mapazi.

Amene simunaonepo thekenya muthokoze Mulungu. Ndi kachilombo kochepetsetsa kokhala m'fumbi, ndipo makalasi athu anali fumbi lokhalokha, ana akukhala pansi opanda nsapato. Kakalowa pachala, makamaka m'mbali mwa chikhadabo, kamafufuma n'kusanduka kathumba koyera kodzaza mazira, kadontho kakuda pakati. Mwana amayamba ndi kukanda, kenako amayendera zidendene, mapeto ake amaleka kubwera kusukulu.

Zida zanga zinali beseni la madzi ofunda, sopo, phini la sefiti, koloboyi, botolo la parafini ndi mankhwala a jivi omwe tinkakatenga kuchipatala. Umayamba waviika phazi kuti khungu lifewe. Phini umaliwotcha pa lawi la koloboyi mpaka nsonga ifiire, n'kulisiya lizizire. Ndiye sulasa thekenya lenilenilo ayi. Umasenda khungu mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kathumba konse kaonekere, kenako umakanyamula chapansi kuti katuluke kathunthu. Ukakaphulitsa, zotsalira zimakhalira m'bala, chala chimatupa n'kuchita mafinya, munthu osapondanso pansi kwa masiku. Kathumbako umakaponya pamoto, pabowopo n'kudonthezera parafini kapena jivi.

Lolemba lililonse Mariamu ankaima kutsogolo kwa asembule, mpango wake uli mbee, nsapato zakuda zikuwala, n'kuyambitsa nyimbo yomwe anapeka yekha: "Samba mapazi, sesa pakhomo, thekenya lisowe pogona." Ana ankavina mpaka fumbi kobo, fumbi lomwe lija la matekenya. Nyimbo ikatha, iye ankalowa m'kalasi manja ali oyera, ine n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mzere wa mapazi ong'aluka ndi ana olira.

Nsanje inandigwira, ndipo sindibisa. Ana ankalimbirana kumunyamulira Mariamu mabuku, kumubweretsera nzimbe ndi magwafa. Ine akandiona panjira ankalowa m'munda mwa chimanga. Dzina langa la Estere linafa, ndinasanduka Anaphini. Ngakhale makolo ankandipatsa moni wa dzina lomwelo, akuseka. Loweruka ndinkasonkhanitsa amayi kuti tizire pansi m'makalasi, ndinkayenda m'midzi kuchonderera anthu kuti nkhumba ndi agalu azikhala kutali ndi pogona ana, ndinkabwerera kunyumba ndikununkha parafini. Matekenya atayamba kuchepa, ana othawa sukulu n'kuyamba kubwerera, a Mulipa anaima pa asembule n'kunena kuti, "Mwaiona mphamvu ya nyimbo?" Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Chopweteka kwambiri chinali choti Mariamu sanandilakwirepo. Munthu woipa umamuda mosavuta, ugona tulo. Koma uyu ankandigawira mandasi ake, kunditcha achemwali, kundibwereka choko. Ndinkayembekezera tsiku loti adzachedwe kapena kukalipira mwana mopyola muyeso, koma tsikulo silinkafika.

Chakumapeto kwa chaka tinamva kuti a insipekitala a masukulu akubwera kuchokera kuboma, ndipo a Mulipa sanabise kuti zimene mlendoyo adzaone ndi zomwe zidzagamule za dzina lija. Mariamu anakonzekeretsa ana nyimbo ndi gule, iye mwini wotsogolera. Ine ndinalibe choonetsa. Phazi lochira silikhala ndi chizindikiro, limangofanana ndi phazi lomwe silinadwalepo.

Tsikulo ndinalawirira kuti ndikafunditse madzi. Ndikukoleza moto kuseri kwa kalasi, ndinaona Mariamu akubwera, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Nkhope inali itagwa.

"Achemwali, ndithandizeni," anatero motsitsa mawu. "Koma chonde asamve munthu."

Anakhala pa njerwa n'kutambasula mwendo. Pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu panali thekenya lokhwima, lalikulu ngati njere ya nandolo, khungu lozungulira litayamba kufiira.

"Lalowa liti ili?" ndinafunsa.

"Kalekale. Ndimati mwina lifa lokha m'nsapatomu."

"Inu aphunzitsi a nyimbo, simudziwa kuti thekenya silimva nyimbo?"

Anaweramitsa mutu. Misozi inali ikulengeza. Kenako anati, "Ndikanabwera bwanji pamzere wa ana? Akanandiseka mpaka kumsika. Lero nsapato yakana kulowa. Ndivina bwanji, achemwali?"

Ndinaviika phazi lake m'beseni, kenako n'kuliika pamiyendo panga. Linali phazi losalala, lopakidwa mafuta, losadziwa minga. Ndinawotcha phini, ndipo podikira kuti lizizire maganizo anandifikira onse pamodzi. Thekenya la pansi pa chikhadabo ndi lovuta, ngakhale kuchipatala limaphulika. Nsonga itangolowa mopitirira pang'ono, palibe akanandinena. Chala chikanatupa dzuwa lisanafike pamutu, gule akanatsogolera wina, ndipo mlendo akanafunsa kuti aphunzitsi a ukhondo akutsimphina chifukwa chiyani. Kozi yonse inali pansonga ya phini langa. Ndinaifuna kozi imeneyo kuposa chinthu china chilichonse.

Ndinapuma kaye. Chomwe chinandigwira dzanja si chikondi ayi, ndinganame. Chinali choti chiyambire ntchitoyo ndinali ndisanaphulitsepo thekenya mwadala pa mwana wa munthu, ngakhale wina amene anandilumapo pamkono. Chinthu chokhacho chomwe ndinkamuposa Mariamu chinali chimenechi, ndipo sindinafune kuti nachonso ndichitaye chifukwa cha iye.

Ndinawenga chikhadabo pang'ono ndi lezala kuti ndipeze njira. Ndinasenda khungu mbali iyi, mbali iyo, iye ataluma mpango. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunali kukadazizira. Kathumba kanayamba kugwedera, ndinalowetsa nsonga chapansi, n'kukanyamula. Kanatuluka kathunthu, koyera, kosang'ambika paliponse. Ndinamuonetsa, n'kukaponya pamoto kuti thu! Jivi sindinamupake poopa kuti utoto wake ungaonekere pa sokosi, ndinadonthezera parafini n'kumanga kansalu kopyapyala. Nsapato inalowa.

Anavina tsiku limenelo ngati sanadwalepo. Ine ndinaima kumbuyo kwa ana, mtima ukuwawa ndi sitepe iliyonse yomwe ankaponda ndi chala chomwe ndinakonza ndekha. A insipekitala anayenda m'mizere, kuyang'ana zikhadabo, m'mutu ndi mapazi, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Sukulu zina ana akuyendera zidendene," anatero. "Pano uthenga wa ukhondo walowa. Amene amaphunzitsa nyimbozi ndani?" Mariamu anagwada mwaulemu. Anandiyang'ana kamodzi, pakamwa pakuoneka ngati pakufuna kunena kanthu, koma akananena chiyani osaulula chala chake?

Mlendo atapita, a Mulipa anandiitanira mu ofesi ndekha. Ndinalowa ndili ndi kachiyembekezo kopusa.

"A Estere, musaganize kuti sindiona," anatero. "Ndikudziwa bwino amene wachotsa matekenya pasukulu pano. A insipekitala asiya nkhaniyi m'manja mwanga."

Ndinadzutsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Nchifukwa chake ndapereka dzina la Abiti Jafali. Nyimbo ana aziloweza, aziimba okha iye atapita. Koma mukapita inu, phini agwira ndani?"

Ndinathokoza, poti masiku amenewo ukamva zowawa kwa akuluakulu unkathokoza. Ndinatuluka, kukakhala kuseri kwa kalasi kuja, n'kulira mpaka ana oweruka atatha onse. Chaka chathunthu ndinkaopa kuti ntchito yanga sikuoneka, osadziwa kuti yaoneka mopitirira. Ndinadzimangirira ndekha pamtengo wa mango uja ndi luso langa lomwe.

Mariamu anapita ku kozi. Tsiku lotsanzika anandibweretsera nsalu yatsopano ya m'sitolo ya bambo ake. Ndinailandira ndi manja awiri, koma inatha zaka ili m'sutikesi, sindinkatha kuivala.

Teremu yotsatira ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Ndinagula mapini ambiri, ndinaitana amayi a m'komiti ndi atsikana akuluakulu a Sitandade 8, n'kuwakhazika mondizungulira. Ndinkawagwira dzanja, kuwaonetsa posenda ndi ponyamulira, kuwakalipira akaphulitsa, mpaka ena anayamba kundiposa. Poyamba zimenezo nazo zinkandipweteka. Koma ana anapindula, chifukwa thekenya linkachotsedwa kunyumba tsiku lomwe laoneka, osadikira Lolemba. Mwayi wa kozi utabweranso, a Mulipa analibenso chifukwa chondisungira, ndipo anapereka dzina langa.

Ndaphunzitsa mpaka kupuma ntchito, ndipo mphunzitsi wachinyamata aliyense wobwera m'manja mwanga ndinkamuuza chinthu chimodzi: ntchito ukangoidziwa, m'mawa mwake yamba kuphunzitsa wina, chifukwa ukaidziwa wekha adzakuyamika kwambiri koma sadzakulola kuchoka. Mariamu anadzakhala hedi ine ndikadali wamba, ndipo mpaka lero tikakumana pamaliro kapena paukwati amandikumbatira ndi mtima wonse. Inenso ndimamukumbatira. Koma nsanje ija sindinaichotse yathunthu ayi, inaphulikira m'kati, ndipo nthawi zina imayabwabe.