Mayi Machubu ndi Ulusi wa Pansi pa Paini

"Iwe wamaliza sukulu, tandiuza: mtengo umamwa bwanji madzi amene ali kutali ndi mizu yake?" Azakhali anandifunsa choncho tsiku lina atagwada m'nazale yawo ya mitengo. Ndiye imvani nkhani yawo, chifukwa anthu ngati iwo salembedwa m'nyuzipepala.

Anthu amawatcha Mayi Machubu, kamba ka timapepala takuda tomwe amadzalamo mbande. Ali mtsikana anagwirapo ntchito pa nazale ina yaikulu, ndipo kumeneko anaphunzira kuti mbande ya paini siikula yokha. Imafuna dothi la pansi pa paini wamkulu, lokhala ndi ulusi woyera wa bowa. Ulusiwo umakulunga mizu n'kuyenda kutali kukaitungira madzi ndi chakudya, mtengo n'kumaubwezera zotsekemera zimene masamba apanga. Banja lawo litatha, azakhali anabwerera kwa mlongo wawo, bambo anga, n'kupempha kamalo ka kuseri kwa nyumba.

Chaka ndi chaka ankakankha wilibala kupita m'mphepete mwa nkhalango ya paini, pafupi ndi msewu. Ankapala dothi la pamwamba, kudzaliyanika pa simenti ya pakhonde kuti lisefeke bwino, kenako kusefa ndi kudzaza machubu. Mbande zinkabiriwira moti odutsa ankasuzumira pampanda.

Koma nyengo inayamba kusintha. Mvula inkachedwa, dzuwa n'kumaotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Mbande zinayamba kuchita chikasu n'kupinimbira. Chaka choyamba azakhali anati vuto ndi mbewu. Chaka chotsatira anati ndi madzi a pampopi. Bambo anatopa nazo.

"Achemwali, zikafanso za chaka chino, pamenepa ndimangapo khola. Nkhuku sizidikira mvula."

"Achimwene, nkhuku zanuzo chitopa chidzazimaliza musanalawe ndi dzira lomwe."

Anaseka onse, koma azakhali ankadziwa kuti mlongo wawo akanena wanena. Malowo akapita, ntchito yawo yatha, dzina lomwe latha.

Mbande za chaka chimenecho nazonso zinayamba chikasu. Anathira feteleza, sizinamve. M'mawa wina anang'amba chubu chimodzi kuti aone m'kati. Mizu inali yambulanda, yopanda ulusi ngakhale umodzi. Ananunkhiza dothi: fumbi lokhalokha. Ali chiimire choncho, phazi lawo linaponda simenti ya pakhonde, iwo n'kudumpha ndi kutentha kwake. Apo ndiye zinawalowa m'mutu. Dothi la m'mphepete mwa msewu linali litapsa kale ndi chilala, ndipo kaulusi kotsalako ankakamaliza okha poyanika. Simenti imene kale inkangofunda, tsopano inali chiwaya.

Anatulutsa wilibala yawo. Anatenga thumba, kulinyowetsa, ulendo. Anadutsa pamalo pawo pa masiku onse, nalowa m'kati mwa nkhalango mpaka kukhwawa kumene dzuwa limafika mochedwa. Wilibala anaisiya pamtunda poti kunalibe njira. Anagwada pansi pa paini wokalamba n'kufukula masamba owola ndi manja. Dothi linali lozizira, ndipo ulusi unali mbuu, utagwirana ngati ukonde wa kangaude. Fungo la bowa linawafika kumphuno, iwo n'kuseka okha m'tchire ngati wamisala.

Anadzaza thumbalo, kulisenza pamutu, n'kukwera nalo chikweza. Kunyumba sanayanike, sefa sanaikhudze. Anamanga chisakasa cha udzu, kusamutsira machubu onse pamthunzi, n'kuyamba kuboola chubu chilichonse ndi kamtengo ndi kuthiramo dothi pang'ono pafupi ndi mizu. Mbande zingapo anazidzala pansi pakona, n'kuziphimbira ndi masamba a paini, kuti ulusi ukhale ndi kwawo ndipo asamadalirenso khwawa lokha.

Bambo anaima pakhomo la khitchini akuonerera.

"Achemwali, mwayamba kudyetsa mbande ngati makanda? Ndikubweretsereni supuni?"

"Bweretsani, achimwene. Mubwere ndi thewera lomwe."

Masabata anapita osaoneka chosintha. Mbande zina zinauma ndithu, azakhali n'kumataya machubu ake mwakachetechete. Koma zambiri zinayamba kuphukira nsonga zobiriwira, zanthete ngati nthenga za mwanapiye.

Tsiku lomwe bambo anatulukira ndi chingwe ndi zikhomo kuti ayeze pomanga khola, anapeza mlongo wawo akuwadikira, chubu chili m'manja. Azakhali anang'amba pepala mosamala. Mizu yonse inali itavala zoyera, dothi litagwirana osayoyoka. Pakona paja panali patatuluka timabowa tofiirira.

"Yezani, achimwene. Koma muyambe mwawauza eni malowa kuti asamuke."

Bambo anawerama, kugwira kabowa kamodzi ndi chala, n'kupukusa mutu akumwetulira. Anakulunga chingwe chawo.

"Nkhuku zikakhala kuseri kwa bafa. Komanso kumeneko n'kufupi ndi madzi."

Azakhali anaimba nthungululu mpaka aneba anathamangira kumpanda.

Mvula itagwa kunabwera alimi a kumapiri opanda mitengo, aphunzitsi, ngakhale anzawo a manazale ena amene mbande zawo zinafa. Aliyense ankamupatsa dothi lodzaza manja m'kathumba konyowa, n'kumutsina khutu: "Lisaone dzuwa limeneli. Ndi lamoyo."

Ine ndinaona zonsezi ndi maso angawa, ndipo kukhala pakhomo osachita kanthu kwandikwana. Ndatsimikiza mtima: ndiyenda m'makwawa onse ofikika ndi miyendo, kufufuza ngati mitengo yachilengedwe nayonso ili ndi ulusi wake umene ukutha ndi kutenthaku. Umene ndiupeze ndiusunga pa bedi langalanga la mbande, ndipo pachikwangwani pake ndilembapo dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu.