Maso anga mu filimi ya Zeka

Moni nonse.

Msuweni wanga Zeka wandipha ndili moyo. Mwezi watha anandipempha kuti ndikhale nawo mu filimi yake ya kusukulu, ya nthawi ya chibalo cha Apwitikizi. Anandiveka chiguduli nati, "Ingoima pa nkhokwe apo, uziyang'ana kumsewu." Basi.

Lero waionetsa ku Domwe. Anthu anadzaza, ndipo bambo ake a Rozita, mtsikana ndikufuna kukwatira uja, anakhala kutsogolo kwenikweni.

Kamera inabwera pang'onopang'ono mpaka pakhoma panatsala maso anga okha, aakulu ngati mbale. Ng'oma ikungoti gu... gu... gu. Kenako asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, akumanga nkhalamba. Kenako maso aja kachiwiri, nditatsinzina limodzi. Mayi wina anakuwa, "Wawagulitsa ndi ameneyo!"

Abale, ine ndinkayang'ana njinga yanga, ndinaisiya pamsewu ndi thumba la mbatata! Kutsinzinako linali dzuwa. Pakamwa sindinatsegule n'komwe.

Potuluka, bambo a Rozita sanandipatse dzanja. Anangoti, "Za Loweruka tidikire kaye. Maso aja sindinawamvetse." Loweruka lake ndi lomwe amalume mumakandifunsira mbeta.

Amalume, inu mukuti bwanji? Zeka akuti limenelo ndiye luso. Ine ndamugwira malaya n'kumuuza kuti:

"Luso lakolo mawa ulinyamule mpaka kwa Rozita. Ukandijambule thupi lonse, ndikulima, uikemo kwaya ya kutchalitchi. Ukapanda kutero, filimi yotsatira ikhala ya maliro ako, ndipo ng'oma ndidzaimba ndine."