Mlendo Wathu Wothamanga M'mamawa

Chaka chimene tinalima kachewere wambiri kudimba la kumunsi, bambo mfumu a ku parishi anatipempha kuti tisunge mlendo miyezi itatu. Anali mayi wa ku Jeremani, wa msinkhu wanga, wamtali ndi woonda. Anasiya ntchito ya mu ofesi n'kuyamba kuyenda m'mayiko, kumathandiza anthu kulima popanda malipiro. Asanafike kwathu anakhalako theka la chaka ku Chipata, choncho Chichewa ankachiyesa ndithu, ngakhale chinali chopindika. Ine ndinkawaitana kuti achemwali, iwonso ankandiitana chimodzimodzi.

Tsiku lofika lomwelo anamata pepala pachitseko cha chipinda chawo. Panali nthawi yodzuka, yomwa madzi a ndimu, yothamanga, yodziwongola ndiponso yomeza mapiritsi a mavitamini. Anandifotokozera kuti munthu akakhalitsa paulendo thupi limasokonezeka, ndiye pepalalo ndilo linkawasunga. Anawonjezera kuti zokazinga sadya.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, ndikusesa pabwalo, ndinangoona achemwali atuluka liwiro kulowera msewu wa ku Kasina. Apongozi anga aamuna, omwe nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, anali pakhonde akusukusula. Kwathu munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti nyumba yapsa, kapena ng'ombe zalowa m'munda, kapena akukanena maliro. Apongoziwo anataya kapu, anatola ndodo, n'kuwalondola. Anthu a nyumba zapafupi ataona nkhalamba ikuthamanga, nawonso anauyatsa. Pofika pamlatho anali atakwana asanu ndi awiri, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene akuthamangira.

Achemwali atacheuka n'kuona gululo anakondwa kwambiri. Ankayesa kuti mudzi wonse umakonda masewera. Anawaombera m'manja n'kuwonjezera liwiro.

Apongozi anabwerako akutsimphina. Anakhala pampando kudikira mpaka mlendoyo atafika, thukuta lili kamukamu.

"Mayi," anafunsa apongozi, "chimakuthamangitsani n'chiyani?"

"Palibe, agogo. Ndimathamanga kuti ndikhale ndi mphamvu."

"Nanga bwanji mukukazitayira kumsewu? Munda uli uku."

Zodziwongolazo nazo zinabweretsa nkhani. Tsiku lina amayi atatu a mphakati wathu wa kutchalitchi anabwera kudzapereka moni. Anapeza achemwali atagwada pamphasa, chipumi chili pansi, manja atawatambasula kutsogolo. Amayiwo anagwada chapatali mwakachetechete, wina mpaka anatulutsa kolona. Anadikira choncho kufikira pamene achemwali anakweza mwendo umodzi kuloza kumwamba. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Kodi mpingo wawo ndi uti?"

Kukumba kachewere kutayamba, achemwali anakana kusiya chilichonse cha papepala paja. Ankadzuka, kuthamanga, kenako n'kunyamula khasu. Sabata yoyamba anapirira, ngakhale m'manja munatuluka matuza. Sabata yachiwiri ndinawapeza akuwodzera chiimirire, atatsamira mpini. Kenaka chisanu cha mu Juni chinawagwetsa ndi chimfine, ndipo anagona masiku atatu.

Nditawapititsira phala ndinawapeza akuyang'ana pepala lija ndi nkhope yachisoni.

"Masiku atatu sindinachitepo kanthu," anadandaula.

"Achemwali, pepalali munalilembera kuti?"

"Kwathu, ndisananyamuke. Mu ofesi."

"Ndiye munalembera munthu wokhala pampando tsiku lonse. Amene ali muno amasenza matumba kukwera nawo chitunda."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atachira anafufuta zambiri. Kuthamanga kunatsala kwa Lamlungu lokha, Misa ikatha, ndipo ankayamba auza apongozi kuti asavutike. Madzi a ndimu ndi mapiritsi anapitiriza.

Koma njala inayamba kuwavuta. Ntchito ya khasu sigwirizana ndi masamba owiritsa, ndipo ndinkawamva akutsegulatsegula mapoto masana. Loweruka lina anapita ku Dedza Boma kukatumiza kalata. Abambo akunyumba nawonso anali komweko kukafuna mankhwala opopera mbewu. Bambowa kuchipatala anawaletsa mafuta ndi mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo pakhomo ankamvera bwino lomwe. Madzulo awiriwa anatsika minibasi imodzi, akuyenda ngati akuchokera kumaliro. Nditawayang'anitsitsa, onse milomo inali kunyezimira.

"Mwadya chiyani?" ndinafunsa.

"Nthochi," anayankha abambo.

"Chipisi," anayankha achemwali nthawi yomweyo.

Zinadziwika kuti anakumanizana pachiwaya chimodzi kuseri kwa msika, aliyense atabisala mnzake, aliyense atatambasula dzanja kulandira mbale. Anapangana kuti asaulule, koma anaiwala kupangana bodza loti adzanene. Kuyambira tsiku limenelo ndinkathira kasupuni ka mafuta m'ndiwo za achemwali, ndipo za abambo ndinkaziphika padera monga kale. Abambowo ankati chilungamo chatha pakhomo pano.

Ineyo ndinali ndi vuto la msana kuyambira pamene ndinabereka mwana wotsiriza. Achemwali anaona mmene ndinkadzukira pansi, nditagwira bondo, ndipo anandikakamiza kuti andiphunzitse. Ndinavomera pokhapokha tikachitire kuseri kwa nkhokwe, kumene sikudutsa anthu. Anandionetsa kugwada ndi manja pansi, kukweza msana ngati mphaka wokwiya, kenako kuutsitsa pang'onopang'ono. Patatha sabata ziwiri ndinkatha kuwerama potola nkhuni popanda kubuula.

Tsiku lina ndili ndekha, manja ndi mapazi pansi, chiuno m'mwamba, ndinaona ndodo ndi mapazi awiri kudzera pakati pa miyendo yanga. Anali apongozi, akusaka nkhuku yawo. Mwambo umati mkazi agwade akaona apongozi ake, koma ine sindinadziwe poyambira, pakuti ndinali nditapitirira kale kugwada. Ndinangouma pomwepo. Iwo anatembenuka msangamsanga n'kuyang'ana nkhokwe.

"Mwataya chiyani, mayi?" anafunsa akuyang'anabe nkhokweyo.

"Singano," ndinatero.

"Muipeze," anatero, n'kumapita osacheuka.

Sabata yonse tinkazembana. Ine ndikawaona kutsogolo ndinkakhotera kuchitsime, iwo akandiona ankakhotera kukhola.

Miyezi itatu itakwana tinawaperekeza achemwali mpaka pachipata cha ku Mozambiki, kumene ankati akathandize kukolola nyemba. Anali atanenepako masaya, ndipo m'manja munali mutalimba. Tinawapatsa kachewere wodzaza jumbo, iwo anandisiyira chipewa chawo cha dzuwa. Polawirana tonse tinalira pang'ono.

Patapita mwezi, abambo akunyumba anabwera kuchokera kwa makolo awo akudzikanda m'mutu. Anati apongozi awatuma kudzafunsa ngati singano ija imathandizanso mawondo. Ndinawaphunzitsa abambo m'nyumba, chitseko chili chotseka, iwo n'kukawaphunzitsa bambo awo. Mmene phunzirolo linayendera kumeneko sanandiuzepo, ndipo ine sindinafunse.